Zikhomo Zinayi pa Bangula

Ndinafika dzuwa lisanakwiye,
tepi m'thumba, pensulo kukhutu,
chingwe chabuluu chokulunga pachitsononkho.
Kuno ikangokwana naini koloko
nyundo imaotcha dzanja ngati yakuba.

Mai Dorika Nsona anali atailemba kale nyumba yawo
ndi chala cha kuphazi, pafumbi:
apa pogona ine, apa anyamata,
apa matumba a mapira,
apa khonde, lifulatire mtsinje.

Ndinakhoma zikhomo zinayi.
Mulitali mafiti 24, mulifupi 18.
Ndinachulukitsa pachipepala cha thumba la simenti,
panatuluka 432.
Ndinati, Mai, nyumba timaigula ngati nsalu,
koma kachidutswa kake ndi aka.
Ndinajambula pansi kabokosi,
phazi limodzi uku, phazi limodzi uko,
poti nkhuku ingaikire dzira
koma osatambasula mapiko.

Ameneyu ndiye sikweya fiti.
M'menemu muli njerwa zake,
simenti wake, chibenthu cha lata,
misomali itatu kaya inayi,
mchenga wa pangolo ya a Faifi,
madzi amene atsikana adzasenze kumjigo,
ndi thukuta langa, lomwe sinditchaja mokwanira.

Anapondamo. Phazi lawo linatsala pang'ono kudzaza.
Ndiye pamene ndaimapa ndi zingati?
Ndinatchula.
Anati, Makwacha amandizunguza mutu,
mundiuze m'mbuzi.
Ndinati, Mbuzi yonenepa imagula mapazi atatu,
ikakhala ndi bere, anayi.

Anatembenukira kukhola, milomo ikuyenda.
Anaphatikiza za thonje la chaka chino,
anaphatikiza zimene Joaki amatumiza
akadula nzimbe ku Nchalo,
anachotsera fizi ya wamng'onoyo.
Kenaka anawerama, nazula okha zikhomo ziwiri,
nazibweza mkati mafiti asanu ndi limodzi.
Anyamata adzagona pabalaza.
Chipinda chinagwa chisanamangidwe,
popanda phokoso, popanda fumbi.
Khonde sanalikhudze.

Ndinati tamaliza. Anati ayi, a Zuze, tabwerani.
Ananditengera pamtengo wa nimu kumalire,
nandionetsa pamene anatema ndi chikwanje,
pofika m'bondo mwanga.
Chaka chatha madzi anafika apa, kuno kumtunda kuno.
Samu yanuyo ikuwerenga chogona,
madzi amawerenga choimirira.
Ku Makhanga ndinali nayo ina,
nayonso anaiyeza ndi tepi, anaichulukitsa bwinobwino.
Ruo anaitenga usiku umodzi
osafunsa mtengo wa phazi ngakhale limodzi.

Ndinakhala chete.
Zaka makumi awiri ndikuuza anthu mitengo
ya pansi pamene adzayale mphasa,
ndipo dothi la makande ndimalidziwa,
limayasama m'chilimwe mpaka kumeza khasu la mwana,
likamwa madzi n'kutupa, n'kuthyola khoma pakati.
Koma pepala langa linalibe malo a bondo.

Ndinalitembenuza.
Maziko akuya, miyala ya kuphiri,
mizere isanu ndi iwiri ya njerwa pamwamba pa nthaka
tisanayambe n'komwe kutchula zenera,
masitepe atatu okwerera pakhomo.
Ndalama zonse za chipinda chija
zinalowa pansi, pomwe mlendo sadzaziona.

Anati, Tsopano ndi nyumba.
Malata tidzagula pang'onopang'ono,
mvula yochokera kumwamba ine sindiiopa.

Ya chikole anandipatsa mbuzi yathonde,
yakhutu long'ambika, yamakani.
Ndinaimanga ndi chingwe chomwe chinatsala
nyumba itafupika,
mafiti khumi ndi awiri abuluu.

Ndinadzera njira ya kunjanji, dzuwa lili paliwombo,
tepi m'thumba, pensulo kukhutu,
masikweya fiti atatu akundikokera m'mbuyo,
akulira,
akuima pa mtengo uliwonse wa masawu.