Mizere ya pa Khoma

Pakhoma la kukhitchini pali mizere ya pensulo.
Kumanja ndi msinkhu wa Nthanda,
kumanzere ndi pomwe madzi amafika.
Onse awiri akukula.
Chaka chatha anamulekeza m'mawondo,
Novembala uno amugwira m'chiuno.

Mvula ya ku Hull sidzitama ndi mabingu.
Ndi mvumbi chabe, wofatsa ngati mlendo wamanyazi,
koma ukagona masiku atatu
chivindikiro chachitsulo pakati pa msewu chimayamba kubwebweta,
kenako ngalande imasanza zonse tinaidyetsa:
masamba, timapepala ta tchipisi,
mpira wa mnyamata wa pa nambala 9.
Ine ndimachokera ku ntchito ya usiku
nditasambitsa nkhalamba zisanu ndi ziwiri,
n'kupeza nsapato zanga zikundichingamira pakhomo, zikuyandama.

Mayi Oldroyd akhala mu Tanfield Terrace chibadwire.
Akuti pansi pa phula ili panali kamtsinje,
bambo awo ankagwiramo achule ali mwana.
Ndinawauza kuti kwathu timati madzi saiwala khwawa.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Yoiwala ndi khonsolo, anatero.

Mapaipi anaikidwa nyumba zili khumi ndi ziwiri.
Lero zakwana makumi asanu ndi limodzi,
ndipo aliyense anathira simenti pomwe panali kapinga
kuti galimoto izigona pouma.
Inenso ndinathira. Ndisaname.

Lachiwiri madzulo, mu holo ya tchalitchi,
tiyi wozizira, mipando yapulasitiki,
khansala Pickersgill anawerenga mtengo pang'onopang'ono
ngati akulengeza maliro:
mapaundi zikwi mazana anayi.
Khonsolo ikuti paipi ndi ya kampani ya madzi.
Kampani ikuti ogwa pamsewu ndi a khonsolo.
A zachilengedwe akuti awo ndi amumtsinje okha.
Madzi amasiye, opanda mwini,
koma adiresi yanga amaidziwa pamtima.

Bambo Sarwar a pagolosale sanalankhule.
Anangokweza malisiti a mafiliji atatu
ndi kalata ya inshuwalansi yowatsanzika mwaulemu.
Wina kumbuyo anafuula:
nanga msonkho wathu umalowera ngalande iti,
poti yathuyi ndi yotseka?

Tinayenda khomo ndi khomo, ine ndi Mayi Oldroyd,
iwo ndi ndodo, ine ndi chikalata m'jumbo.
Zala zinauma ndi chisanu, cholembera chinakana kawiri.
Anasaina makumi asanu ndi asanu ndi atatu.
Mmodzi anali kuchipatala.
Wina anatiyankhira pawindo
kuti nyumba yake ili pamtunda, sizimukhudza.

Tinadikira. Kapeti inauma, fungo linatsala.
Nthanda anaphunzira kukweza zidole pamasitepe
nyengo ikangotchulidwa pa wailesi.

Mu Malichi inabwera envulopu yakhaki.
Ndalama zapezeka, ikutero, tikukuthokozani poleza mtima.
Gawo loyamba: nambala 1 kufika 30.
Gawo lachiwiri: bajeti ikadzalola.
Ndinatuluka panja kukayang'ana chitseko changa
ngati sindikuchidziwa.
32.

Mayi Oldroyd ali pa 30.
Anabwera ndi keke, maso ali pansi,
ngati andibera kanthu.
Ndinati idyani nane, khoma lathu ndi limodzi,
kwanu kukauma mwina kwanga kudzangonyowa.
Anati chikalata chachiwiri tiyamba Lolemba,
asanatiiwale, ndisanafe.

Lero chigalimoto chokumba chafika mamawa.
Mapaipi aunjikidwa pakona,
kukamwa kwake Nthanda angakwawemo osagunda mutu.
Wakakamira pawindo, akuwerenga amuna a zipewa zachikasu.
Dothi lomwe akufukula ndi lakuda, lonyowa,
likununkha kamtsinje kaja.

Ine ndasanja matumba amchenga kuseri kwa chitseko,
asanu ndi anayi, limodzi lobooka.
Mitambo ikuchokera kunyanja, yosafulumira.
Pensulo ndaisongola.
Ili pamwamba pa filiji,
pomwe madzi sanafikebe.