Shushu wa ku Namwera

Abiti Ajasi anatsika matola a ku Namwera
ndi shushu asanu m'chitenje,
makwinya ngati chibakera cha khanda.

Ndinati, mlamu, izi ndi madzi okhaokha,
zilibe mbali.
Anangoseka, nasendera m'beseni
kuti utomoni usamate zala.

Awiri analowa mu nsinjiro,
kambuzi mmodzi, tomato wofewa wa pa M'baluku.
Awiri m'shuga ndi mandimu,
anawira mpaka kuwala ngati galasi la nyali.

Ana anakangana pakhonde:
Ndiwo! Ayi, switi!

Wachisanu tinamuiwala kuseri kwa ndowa.
Lero waphuka yekha,
akufunafuna mpanda woti agwire.

Mlamu, inunso munabwera chete pakhomo pano,
tikukuyesani madzi.