Kanema Wochokera kwa Ndaziona

Okutobala wafika povuta pa Wenela.
Phula likuchita kunyeta, makondakitala asasa mawu,
ine ndakhala pa kuleti, kulabokosi pakati pa miyendo,
kugulitsa mafirizi ofiira ndi madzi a m'mapepala.

Foni yanjenjemera m'chitenje.
Ndaziona watumiza kanema.

Ati: Amayi, onani kumene tadutsa lero.
Sitima yaitali kuposa chipatala cha Gulupu
ikuyenda mwakachetechete pakati pa makoma oyera,
mapiri a ayisi yekhayekha,
ena obiriwira ngati sopo wochapira,
aakulu moti phiri la Ndirande lingabisale kuseri.
Chibenthu china chagumuka, khuvuu! m'nyanja,
azungu okalamba aomba m'manja,
mabulangete m'mapewa, makapu akufuka nthunzi.

Mwana wangayo sali pakati pawo.
Wajambulira pa kazenera kozungulira, pansi,
kumene amasita nsalu za pabedi mpaka usiku.
Ndamva makina akulira kuseri kwa mawu ake,
ndamvanso kachifuwa kamene sanakatchule.

Ndaonetsa a Jumbe ogulitsa mayunitsi.
Apukusa mutu: ayisi yenseyo, waulere,
palibe woti aduleko n'kugulitsa?

Bandulo yatha kanema asanathe.
Chithunzi chaima khoma lina likugwa,
lisanafike m'madzi.

Ndatsegula kulabokosi.
Magetsi anathima dzulo kwathu ku Chirimba,
mafirizi asanduka madzi.
Ndapisa dzanja pansi penipeni
kusaka kachidutswa kamene katsala,
ndakafumbata mpaka zala zachita dzanzi,
kuti ndimveko pang'ono kumene uli.