Mizere ya pakhoma

Pakhoma lathu ku Makhanga pali mizere iwiri.
Wapamwambawo adausiya ndi madzi a Ruo
chaka chomwe Chanazi anali m'mimba.
Wapansiwu ndimalemba ine, ndi khala,
mwezi ukaoneka,
iye ataima njo, msana kukhoma,
akubera pang'ono ponyanyamphira.

Dzulo tinali pamkeka kusankha thonje,
iye akuwerenga masau m'kachitini:
limodzi, awiri, atatu, asanu.
Ndinati anayi apita kuti?
Anati ndadya.
Ndinaseka mpaka mbuzi inadzuka pamthunzi.

Amayi ake amati ndimamuyankha mopitirira,
mafunso a mwana ndi mchenga wamumtsinje, satha.
N'zoona. Mlamba ndevu unazitenga kuti?
Udzudzu umagona kwa yani masana?
Zina ndimadziwa. Zina ndimati tiye tikafunse
kwa a Zuze osoka maukonde,
ndipo timapitadi, iye patsogolo,
patapata mmodzi kuphazi, wina m'manja.

Usiku uno waloza mzere wapamwamba uja.
Ababa, mwana wamtali chonchi ngwa yani?
Ndameza malovu.
Ndati anali mlendo, adafika usiku osaodira,
adapita.
Wayang'ana, wayang'ananso, khosi m'mwamba,
wati ndidzamupitirira ameneyu,
n'kugona pamwendo panga, m'kamwa muli nthangala ya sau.

Ndaichotsa ndi chala, pang'onopang'ono.

Khala lili m'thumba la malaya.
Mwezi ukaonekanso
ndidzadikira zidendene zake zitere pansi,
ndilembe pomwe wafikadi,
ngakhale akwiye.