Kabotolo ka Marivic

Yakwana fili koloko.
Doncaster yense wagona tulo tofa nato,
koma muno m'wodi magetsi sadziwa kuphethira.
Ndayeza mitima khumi ndi inayi usiku uno,
manambala ake ndawandanda m'mizere yowongoka.
Ndatembenuza a Hepworth kuti msana usachite zilonda,
ndawapukuta dovu
iwo akunditchula dzina la mlongo wawo.

Nanga wangawu auyeze ndani?

Usiku wina ndinadzimanga ndekha lamba uja pamkono,
m'kachipinda ka mabulangete, mozemba ngati mbala.
Anafufuma, anandifinya, kenako anausa moyo.
Manambala amene anatuluka,
akanakhala a wodwala, ndikanathamangira dokotala.
Ine ndinangotsitsa mkono wa juzi
n'kukayankha belu la pabedi lachisanu.

Marivic anandiona. Maso a mayi uja saphonya kanthu.
Zaka makumi awiri akugona usana
chichokereni kwawo ku Iloilo.
Anapisa m'thumba la yunifolomu,
pakati pa sizasi ndi zolembera,
n'kutulutsa kabotolo kosaposa chala.
"Lavenda, Enelesi. Madontho awiri pakansalu.
Koka mpweya kanayi, usawerenge china."

Ndinaseka.
Ine, wophunzira unamwino mpaka kuwoloka nyanja,
ndichire ndi fungo la duwa?
Komabe ndinakoka.

Sanabwere maluwa a pachithunzi cha botolo.
Kunabwera bulugamu wa ku Bvumbwe,
ine ndili kamwana, chimfine chitandikola,
andifunditsa bulangete pabeseni la madzi owira,
thukuta lili kamukamu,
bambo atagwira m'mphepete kuti nthunzi isathawe,
akuwerenga mpaka handiredi.
Bambo omwewo
amene anadzagwa panjinga tsiku la malipiro,
magazi atathamanga kuposa miyendo yawo.

Mapewa anatsika okha.
Ng'oma ya m'makutu inayamba kulira patalipatali.
Kaya linali duwa,
kaya kukhala pansi mphindi zisanu nditavula nsapato,
kaya dzanja la Marivic pamsana panga,
sindingalumbire.

"Kabotolo si dokotala," anatero akutseka.
"Lolemba upite. Ndidzakufunsa."

Ndinapita.
Tsopano ndimameza kapilitsi koyera m'mawa uliwonse,
m'mawa wanga, umene ena amati madzulo.
Mchere ndikuuthira mwaumbombo.
Khofi wachitatu ndimamuyang'ana ngati chibwenzi chakale,
nthawi zina ndimagonja.
Maovataimu sindinasiye:
fizi ya mng'ono wanga sidziwa za bipi,
nalonso denga la ku Bvumbwe likudontha.

Usiku uno ndaona Kwabena, wobwera kumene,
atatsamira khoma pafupi ndi kabati ya mankhwala,
chikhatho pachifuwa, akunamizira kufuna cholembera.
Sindinanene zambiri.
Ndamukokera mpando,
ndamupatsa kansalu,
lamba uja ndamuika pafupi pomwe angamuone.

Kukacha ndidzatuluka
chisanu chitayeretsa magalasi a magalimoto,
ndidzakwera basi ndi anthu onunkhira sopo
opita kukayamba tsiku limene ine ndalimaliza.
Kunyumba ndidzakoka makatani,
ndidzanamiza thupi kuti kwada,
dontho limodzi papilo,
zala ziwiri pamtsempha wa dzanja,
kumvetsera mlonda uyu wosalandira holide
akugogoda, akugogoda,
ndipo kwa nthawi yoyamba usiku wonse
wodwala adzakhala ine.