Wa Mizere

Ine ndine wa mizere.
Lachisanu lililonse, ndisanapite kumzikiti,
ndimasungunula laimu m'chitini cha penti
n'kuzungulira bwalo la koleji chowerama,
chingwe patsogolo, ine pambuyo.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Msanawu ukulidziwa bwaloli kuposa tepi.

Kalata inafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.
A Pulinsipolo anaiwerenga kawiri, magalasi ali pamphuno:
matimu a m'makoleji agawidwanso.
Ife, akuti, atikweza.
Tizisewera ndi akuluakulu a ku Zomba, Blantyre, mpaka Lilongwe,
kumene kuli makamera
ndi kampani yolemba dzina lake pamsana pa ana athu.
Ophunzira analiza mavuvuzela mpaka usiku.
Nanenso ndinaomba m'manja, ndisaname.

Za anzathu a kutsidya kwa Shire
zinali m'munsi mwa tsamba, m'timalemba ting'onoting'ono.
A zaumisiri aja, ovala zobiriwira,
awaponya m'gulu lina.
Aja tinkakumana nawo kawiri pachaka,
akabaza atadzaza mlatho, mabelu ali ngerengere,
tauni yonse itagawikana pakati ngati papaya.
Goloboyi wawo, Twaibu, anakwatira mlongo wa kaputeni wathu,
chibwenzi chinayambira pa mkangano wa penate.
Mpaka lero m'nyumba imeneyo sagwirizana
ngati mpira uja unadutsa mzere wanga kapena ayi.

Tsopano basi imanyamuka Lachinayi usiku.
A Chipande a ku akaunti anandinong'oneza kuseri kwa kicheni
kuti dizilo wa maulendo atatu
wameza mabuku a laibulale a teremu yonse,
ndipo denga la hositelo ya atsikana lidikire kaye.
Mwanaisha, uja saphonya pa mpira wamanja,
amawerenga notsi ndi tochi ya foni podutsa pa Ulongwe,
mabampu akumudumphitsa ziganizo.
Lolemba anagona pa mayeso
cholembera chili m'manja.
Aphunzitsi a masamu amaitana mayina,
mipando khumi ndi umodzi n'kungowayang'ana.

"Che Idi, mpira wa kuno uli liti?"
Amandifunsa pageti ndi Abiti Ndaila,
kula bokosi ya mafilizesi ili pamutu.
Ndimawerenga ndi zala: kanayi kokha chaka chino.
Alendowo amabwera ndi madzi awo a m'mabotolo,
amadandaula kutentha,
amajambulitsa pa mlambe, n'kutichinya, n'kupita.
Ochemerera athu amasowa chokuwa.
Ungamunyoze bwanji munthu
osadziwa dzina la amalume ake?

Sindikunena kuti zonse n'zoipa.
Jezi zatsopano n'zokongoladi,
ndipo Kasimu anaoneka pa kanema masekondi anayi,
mayi ake ku Namwera anaphera nkhuku.

Koma sabata yatha Loweruka m'mawa
kunatulukira njinga pageti.
Che Mdala Sumani, wa mizere wa kutsidya,
tsitsi litayera, chingwe chake atachikulunga pakaliyala.
Anati ana apangana okha pa foni:
madzulo ano, popanda kalata, popanda lifa wa mumzinda.
Ndinatsegula sitolo.
Laimu munalibe, bajeti yake inakwera basi.
Tinakapempha phulusa kukicheni,
ndowa ziwiri, likadali lofunda.
Iye anagwira nsonga iyi, ine nsonga iyo,
nkhalamba ziwiri kuwerama pa dzuwa
tikunenana za zigoli za kalekale.

Pofika fili koloko mlatho unali utadzaza.
Abiti Ndaila anagulitsa mpaka madzi osungunuka a pansi pa bokosi.
Mphepo inauluza mizere yathu chigawo choyamba chisanathe,
bwalo linangotsala fumbi lokhalokha,
koma palibe anafunsa.
Mpira ukatuluka, onse amaima,
wobiriwira n'kuutola,
n'kuponya ataponda
pomwe pankakhala mzere.