Pensulo ya Mayi Halvorsen

Lolemba loyamba ku Saskatoon,
chipale chofewa chitafika m'mawondo,
tinalowa m'chipinda 114 tikukutumula nsapato:
achinyamata makumi awiri a chaka choyamba
ndi ine, makaniko wa mabasi, imvi zitayamba,
girizi akadali m'zikhadabo.

Mayi Halvorsen sanalembe dzina pabolodi.
Anati: Pisani m'thumba.
Chomwe mwapezacho chiikeni patebulo,
mulembe za icho basi, mphindi khumi.

Renaud anatulutsa lisiti la khofi,
Parminder chipeso choguluka mano,
ine nati yomwe ndinaiwala kubweza kugalaja.

Ndinalemba: Kuyambira kalekale
anthu akhala akugwiritsa ntchito zipangizo.
Anawerama, nawerenga, nafunsa chapansipansi:
Bambo Kowalchuk, kalekalelo munalipo?
Nanga natiyi yachoka pa basi iti?

Cholembera chofiira alibe.
Ali ndi pensulo yotafunidwa kumutu,
ndipo m'mphepete mwa pepala amangosiya timafunso
ngati mapazi a mbewa pa ufa:
Ananena ndani? Munaona ndi maso? Ndiye?

Nkhani imodzi tinailemba kanayi.
Ulendo wachitatu anabwera ndi masizasi,
tinadula ndime zathu n'kuziyala pansi,
tikukwawa pakati pake ngati makanda.
Apo ndinaona kuti chiyambi changa chenicheni
chinabisala patsamba lachitatu,
pomwe ndinatchula mothamanga za Lachisanu lija
mabuleki a basi 27 anakana pamlatho,
fomu yake nditasayina ine.

Kuwerenga mokweza ndinakana.
Anati palibe kanthu, Parminder akuwerengerani,
inu mungotchera khutu pomwe apunthwe.
Anapunthwa kawiri.
Monse muwiri
ndi momwe ndinanama pang'ono.

Tsiku lina ndinawaona pasiteji,
mapepala athu makumi asanu ndi anayi m'jumbo ya kugolosale,
akuthamangira kalasi ina kutsidya kwa mtsinje,
pensulo ija ili kukhutu, pansi pa chipewa.
Basi yawo inachedwa. Sindinawauze chifukwa chake.

Ndinapeza B. Pansi pake analemba:
Tsamba lachitatu lija, musalisiye.

Pano kugalaja kapitawo amadandaula
kuti malipoti anga atalika.
Kale ndinkangolemba kuti zonse zili bwino.
Dzulo ndalemba:
Nati yakumanzere inali yosamanga,
ndinaigwira ndi chala, inazungulira.
Ndaimanga ndine, 6 koloko itangodutsa,
ndipo ndabwererako kukaionanso.